Supuni ya Buloneki

Inu amene mumati mzimu uliwonse umabwera kudzapotokola anthu makosi, takhalani pansi ndikuuzeni za kwa Nampeya. Mizimu ina imabwera ndi ulemu woposa wa anthu amoyo, ndipo imeneyo ndiye imawawitsa mtima.

Elufe Nampeya ankakhala m'mudzi wina wa ku Thyolo, kuseri kwa minda ya tiyi, kumene nkhungu ikatsika suona ngakhale mbuzi yako chingwe chili m'manja. Mayi ake anamwalira kalekale, mwamuna wake anapita ku Joni n'kutchona, ana ake awiri anali pabanja ku Limbe. M'nyumbamo anatsala awiri basi, iye ndi bambo ake okalamba, a Fanuwelo.

A Fanuwelo anali mkamwini m'mudzimo. Mwambo umati mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa n'kubwerera kwawo, koma iwo sanapite kulikonse. Mwini mbumba, a Khoromana, malume ake a Elufe, anawalola kukhala. Anali munthu wabwino ndithu a Khoromana, kungoti chifundo chawo ankakonda kuchikumbutsa.

M'chipinda cha a Fanuwelo, pamsomali wa pakhoma, pankalendewera supuni. Sinali supuni yoti wakuba n'kuvutika nayo: yakuda, yopindika pang'ono, ndipo pa chogwirira chake panali timizere tisanu tochita kukanda ndi mpeni. Chaka chilichonse, tsiku loti mawa ndi Khirisimasi, ankaitsitsa, kuikwecha ndi phulusa, n'kuiika pambali pa mbale yopanda kanthu, kutsogolo kwa mpando wopanda munthu. Akatero ankadikira nyenyezi yoyamba. Mitambo ya Disembala mukuidziwa. Zaka zina chakudya chinkazizira, ana akulira njala, iwo ali chilili pabwalo khosi lili m'mwamba. Nyenyezi ikangotuluka ankanyema buledi, kuika chidutswa m'mbale ija n'kunena kuti, "Buloneki, wafika. Idya."

Nkhani ya Bulonekiyo Elufe anaimva mpaka makutu anachita dzanzi. Asanakwatire, a Fanuwelo anatopa ndi migodi ya ku Joni n'kutsikira kudoko la ku Debeni, kumene analembedwa ntchito yoponya malasha m'ng'anjo ya sitima ya katundu. Inali nthawi ya nkhondo ya Jeremani. M'mwezi wa Disembala, chaka cha 1943, ali pakati pa nyanja yamchere, sitima yawo inaphulitsidwa ndi sitima ya adani yoyenda pansi pa madzi. Anangozindikira akuyandama m'madzi ozizira, thupi lonse mafuta okhaokha, atakumbatira thabwa.

Imene inawatola inali sitima yankhondo ya anthu a ku Polandi, yaing'ono koma yaliwiro, yomwe ntchito yake inali kuperekeza sitima za katundu n'kumazitchinjiriza kwa adani. Dzina lake linkawaluma lilime, ndiye ankangoitcha Mphamba, poti inkatola anthu pamadzi ngati mmene mphamba amatolera anapiye. Sinkaloledwa kuima nthawi yaitali, kuopa kuphulitsidwa nayonso. Anangoponya maukonde a zingwe m'mbali mwake kuti amene angathe akwere. Manja a a Fanuwelo ankaterereka ndi mafuta aja, ndipo sitima inali itayamba kale kusuntha. Apo m'pamene msilikali wina anatsika ndi ukondewo mpaka madzi kumufika m'chiuno, n'kuwagwira lamba wa kabudula. Ameneyo ndiye Buloneki.

Anakhala m'sitimamo masiku khumi ndi asanu ndi limodzi isanafike padoko. Opulumutsidwa anachuluka, masupuni anachepa, ndiye Buloneki ndi a Fanuwelo ankadyera supuni imodzi, uyu akadya n'kupatsira mnzake. Ankacheza ndi Chingerezi chothyokathyoka, pomwe chathera manja n'kumalizitsa. Timizere tija, tomwe anakanda ndi Buloneki, a Fanuwelo ankatiwerenga ngati mafunso a kalasi ya ubatizo.

"Aka n'ka tsiku lomwe Mphamba anathawa padoko la kwawo, nkhondo itatsala masiku awiri kuti iyambe. Aka n'ka ku Nolowe, kumene madzi ankauma pamfuti. Aka n'ka ku Falansa, atatola asilikali pagombe ndege zikuwalavulira moto. Aka n'ka ku Melita, kuja kunasweka ngalawa ya Paulo. Aka komaliza," apa ankadzigunda pachifuwa, "n'ka ine."

Tsiku loti mawa ndi Khirisimasi, asilikali aja anadikira nyenyezi, ndipo patebulo anaikapo mbale imodzi yopanda mwini. A Fanuwelo atafunsa, Buloneki anati kwawo amatero, n'cholinga choti wapaulendo akagogoda apeze malo ake ali kale. Kenako anatulutsa chithunzi cha nyumba, mayi wina ndi atsikana awiri ataima pakhomo. Akafika pamenepa, a Fanuwelo mawu ankawathera. Ankangotambasula chikhatho n'kuuzirapo, fuu, n'kukhala duu. Elufe ankati ndi zochita za nkhalamba, n'kudzuka kukatsuka mbale.

Patangopita masiku awiri ndege ya adani inawapeza, ndipo chitsulo cha bomba chinamulasa Buloneki ali pamfuti yake. Anamusokerera m'chinsalu chokhuthala n'kumutsitsira m'nyanja. Supuni ija mkulu wa sitima anaipereka kwa a Fanuwelo. Iwo anali atamuuza mnzawoyo kuti, "Nkhondo ikatha ubwere kwathu, mbale yako udzaipeza." Ndiye mawu amenewo anawasunga zaka zoposa makumi anayi.

Chaka chomwe ndikunenachi, m'mwezi wa Ogasiti, a Fanuwelo anagwa pakhonde. Mbali ya kumanja inafa, pakamwa panapotoka, mawu anatsekeka. Elufe ndiye ankawasambitsa ndi kuwamwetsa phala asanapite kothyola tiyi. Miyezi inapita osasintha, ndipo Khirisimasi itatsala sabata imodzi a Khoromana anabwera n'kumuitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Elufe, amati mlendo ndi mame. Nanga mame anji okhala zaka makumi anayi osakamuka?"

"Mukunena Buloneki, amalume?"

"Yemweyo. Munthu wofera kutali mzimu wake umafuna kwawo. Inu mwaumangirira pano ndi buledi chaka ndi chaka. Watopa, mwanawe, n'chifukwa chake wagwira alamuwa. Uperekezeni. Simukumuthamangitsa ayi, mukumumasula."

Musamuweruze Elufe. Ndani wa inu akanapanda kumvera? Mawuwo anali omveka, ndiponso anali achifundo. M'mawa mwake, bambo ake akadali mtulo, anatsitsa supuni ija, kutapa ufa pang'ono, n'kupita pamphambano ya kumtunda, pomwe njira ina imalowera ku Luchenza, ina ku boma, ina ku fakitale ya tiyi, ina kumudzi. Anathira ufa pansi, kuika supuni pamwamba pake, n'kuomba m'manja.

"Mlendo, mwakhalitsa, ndipo tathokoza. Njira ndi izi. Pitani kwanu, abale anu akukudikirani."

Anabwerera osacheuka, monga mwa mwambo, mtima uli mbee poganiza kuti wachita chinthu chabwino.

Atalowa ndi phala, anapeza bambo ake akuyang'ana msomali uja. Anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana mwana wawo. Sanakwiye, ndipo bola akanakwiya. Anangodzikoka ndi dzanja lamoyo lija mpaka kutembenukira kukhoma, n'kutseka pakamwa. Phala linazizira m'mbale. Madzulo chimodzimodzi, m'mawa mwake chimodzimodzi. Madzi okha ndiwo ankalola, pang'ono pokha ponyowetsa milomo.

M'mawa wa tsiku lachiwiri, potsegula chitseko, Elufe anapeza pakhonde patanyowa. Sipanali paliponse ayi, panali malo amodzi okha, aakulu ngati lichero, pafupi ndi khomo. Anayang'ana denga, silinkadontha. Pofika masana pamalopo panauma n'kutsala zoyera ngati phulusa, nkhuku zikujomphapo. Anakhudza ndi chala n'kulawa. Unali mchere.

Anasesa, osauza munthu. Munthu ukaona chinthu chotere umayamba wadzinamiza, umati mwina ndinataya ndekha.

Tsiku lachitatu ali m'munda wa tiyi, mitanga ili kumsana, nkhungu itaphimba phiri lonse, kunamveka wezulo. Inali yopyapyala, yokwera n'kutsika, kawiri, ngati yoitanira asilikali m'sitima. Azimayi anaweruka n'kupita kusikelo yoyezera tiyi poganiza kuti nthawi yakwana, koma anakapeza kapitawo akudabwa, wezulo yake ili m'thumba. Anawakalipira n'kuwabweza. Pobwerera m'mizere nyimbo yomwe ankaimba m'mawa sinayambikenso.

Tsiku lachinayi mnzake wothyola naye tiyi, Nasimelo, anamukokera pambali. Nasimelo ndi uja woseka ngakhale pamaliro, koma tsiku limeneli nkhope inali ina.

"Achemwali, pamphambano paja pali munthu."

"Munthu wanji?"

"Kaya. Ndamuona dzulo, ndamuonanso lero m'mawa, m'nkhungu. Wamtali, wovala chijasi, ndipo chijasicho chikuchucha madzi ngakhale mvula isakugwa. Amayang'ana njira ya ku Luchenza, n'kutembenuka kuyang'ana ya ku boma, n'kutembenukanso. Sapita kulikonse."

"Nkhope munaiona?"

"Sindinafune kuiona. Koma galu wa kwa Muhiwa, uja woluma aliyense, anagona pamapazi pake phee." "Chodabwitsa n'choti sindinaope kwenikweni, achemwali. Ndinangomva chisoni, ngati ndaona mwana wotayika pamsika."

Elufe ataweruka anadzera pamphambano paja. Ufa unali pomwepo, woyera, mvula ya masiku atatu osaukokolola, nyerere osaukhudza. Supuni panalibe. Atawauza a Khoromana, iwo anati ndiye kuti zatheka, mlendo wanyamula katundu wake, ndipo alamu adya posachedwa.

Koma a Fanuwelo sanadye. Dokotala wa pa esiteti ya tiyi anabwera, kuwayeza, n'kunena kuti pakhosi palibe chotchinga, madalawa akungokana. Ndipo m'mawa uliwonse pakhonde pankakhala ponyowa, malo omwe aja. Elufe anayamba kuona chinthu china: madziwo sankafika pachiwundo cha khomo. Ankalekeza patali ngati chikhatho chimodzi. Tsiku lina m'bandakucha anatsegula chitseko dala n'kuchisiya pululu, iye n'kukhala mkati akumvetsera. Kunabwera fungo lomwe sanalimvepo chibadwire, la mchere ndi mafuta a makina, ndi kuzizira kolowa m'mafupa. Anamva madzi akudontha pasimenti, tho, tho, tho. Palibe chinalowa.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi a Khoromana anabweranso, chipewa chili m'manja, mawu ali pansi.

"Elufe, tisabisane. Alamu akupita. Tiyambe kufufuza abale awo, tidziwe komwe akagone. Ukudziwa kuti m'mudzi muno mkamwini sitimuika m'manda athu."

Chomwe chinkamudya mtima Elufe sichinali imfa ayi, poti imfa ya nkhalamba munthu umaiona ikubwera. Chinkamupweteka n'choti bambo ake apita nkhope ili kukhoma, osamuyang'ananso, ndipo iye adzatsala moyo wake wonse akudziwa kuti ndiye anawatsekera pakamwa.

Linafika tsiku loti mawa ndi Khirisimasi. Mvula inagwa kuyambira m'mawa, n'kudzakata chakumasana, nkhungu n'kutsika. Elufe anagwada pambali pa mphasa ya bambo ake, ndipo misozi yomwe anaisunga sabata yonse inatuluka.

"Ababa, ndinalakwa chani? Ndimafuna apite kwawo, akapume, inunso muchire. Ababa, tandiyang'anani."

Kwa nthawi yaitali a Fanuwelo sanasunthe. Kenako pang'onopang'ono anatembenuza mutu. Anakweza dzanja lamoyo lija, lowonda ngati kamtengo, kutambasula chikhatho, n'kuuzirapo ndi pakamwa popotoka paja. Fuu.

Pamenepo Elufe anakumbukira, ndipo zomwe anakumbukira sizinali za Buloneki ayi. Ali kamtsikana, tsiku lina akuchokera kuchigayo, anawafunsa bambo ake kuti kwawo n'kuti, poti anzake onse ankapita kukaona agogo a kuchimuna. Iwo anamutengera kumapeto kwa esiteti n'kumulozera munda wa tiyi, wobiriwira mpaka kuphiri. Anati makolo awo atachoka ku Mozambiki anamanga pamenepo, koma iwo pochokera kunkhondo anapeza mudzi wagwetsedwa, anthu abalalika, ngakhale manda adzalapo tiyi. Atatero anatambasula chikhatho n'kuuzirapo chimodzimodzi.

Nyumba ya pachithunzi ija, mayi uja ndi atsikana awiri aja, nazonso zinapita choncho. N'chifukwa chake mkulu wa sitima anapereka supuni kwa mlendo wa masiku khumi ndi asanu ndi limodzi: kunalibe wina woti n'kumutumizira.

Anadzuka. Anakokera tebulo pafupi ndi mphasa, kuikapo mbale yopanda kanthu, buledi ndi phala, n'kusendeza mpando uja pafupi. A Khoromana anali atakhala pakhonde, ndipo atamuona akumanga chitenje anafunsa komwe akupita kunja kukuda chonchi.

"Amalume, tinamuuza kuti apite kwawo. Kwawo kulibe. Sabata yonseyi wakhala akuima pakhomo pano, osalowa, chifukwa ine ndinamutsanzika."

A Khoromana anayang'ana malo oyera mchere aja pafupi ndi phazi lawo, n'kusendeza phazilo.

"Ndikhala ndi alamu," anatero. "Pita."

Dzuwa linali litangolowa kuseri kwa nkhungu. Njira yonse Elufe sanakumane ndi munthu, ndipo ngakhale achule a m'dambo anali chete. Atafika pamphambano sanaone munthu, ndisakunamizeni. Panali malo amodzi pomwe nkhungu inali yoderapo kuposa ponse, yaitali ngati munthu woimirira, ndipo galu wa kwa Muhiwa anali atagona pomwepo. Fungo lija linali paliponse. Anagwada m'matope momwemo n'kuomba m'manja.

"A Buloneki, ndine Elufe, mwana wa a Fanuwelo. Ndine ndinakuuzani zija. Sindinkadziwa, mundikhululukire. Munawagwira lamba bambo anga pamene sitima inkawasiya, ndipo popanda inu ine kulibe. Kwanu n'kwathu konkuja. Tiyeni, mbale yanu ili patebulo, ndipo mnzanu sakudya."

Palibe chinayankha. Galu uja anadzuka, kudzinyanyamula, n'kulowera kwawo. Elufe anatembenuka n'kuyamba kuyenda, osacheuka. Poyamba ankangomva mapazi ake okha. Atapitirira mtengo wa bulugama wa pakona, anamva ena pambuyo pake, olemera, a nsapato zodzaza madzi, chapa, chapa. Iye akachepetsa liwiro nawonso ankachepetsa. Anapeza akuyenda pang'onopang'ono dala, ngati mmene umachitira ukamatsogolera munthu wotopa.

Atafika pakhomo anapatuka n'kuima pambali.

"Lowani," anatero.

A Khoromana, amene anali mkati, anaimirira okha n'kuvula chipewa. Mpaka imfa yawo ankati sadziwa chomwe chinawaimiritsa. Lawi la nyali linawerama n'kuweramukanso. Mpando uja unalira pang'ono, ngati mmene umalirira munthu akakhalapo. Pambali pa mbale yopanda kanthu panali supuni, yonyowa, ndi timizere take tisanu.

"Sindinachoke pano," a Khoromana ananong'ona. "Sindinaone woiika."

A Fanuwelo anali atatembenuka, nkhope ili kutebulo, diso lamoyo likuwala. Elufe anatenga buledi kuti anyeme, koma iwo anamugwira mkono n'kuloza kudenga. Nyenyezi. Ndi nkhungu imeneyo, nyenyezi ikanachokera kuti? A Khoromana ndiwo anatuluka, munthu uja wa mame osakamuka, n'kukaima pabwalo khosi lili m'mwamba. Anaima mpaka phala linazizira, Elufe n'kulitenthetsanso. Kenako kunadza kamphepo kochokera kuphiri, ndipo anamveka akuitana chapansipansi.

"Alamu, yatuluka. Imodzi yokha, koma yatuluka."

Elufe anagwirizira dzanja la bambo ake, ndipo ananyema buledi limodzi n'kuika chidutswa m'mbale ija. Milomo ya a Fanuwelo inavutika, inavutika, mpaka panatuluka liwu limodzi, loyamba chigwereni mu Ogasiti.

"Idya."

Anadikira pang'ono, monga amachitira munthu wopatsa mnzake mpata. Kenako analoza supuni ija n'kudziloza pakamwa. Elufe anatapa phala ndi supuni ya Buloneki n'kuwamwetsa, ndipo anameza. Anamwa masupuni asanu ndi awiri, maso ali pa mwana wawo, osawachotsa. Iye ankalira n'kumaseka nthawi imodzi, phala likutayikira pachitenje.

M'mawa mwake pakhonde panali pouma. Ponyowa panali pampando.

A Fanuwelo anakhalanso masabata atatu, akudya pang'onopang'ono, ndipo anamwalira masana ena dzuwa likuwala, mutu uli pamwendo pa Elufe. Akuluakulu atasonkhana n'kuyamba kufunsa kuti uthenga utumizidwe kuti, a Khoromana anawadula.

"Uthenga wafika kale. Alamu agona pano, pambali pa mlongo wanga. Kwawo n'kuno."

Wina anati nanga mwambo, ndipo a Khoromana anati mwambowo aupepesa okha akadzafika kumeneko.

Elufe ndi nkhalamba tsopano, tiyi anasiya kuthyola kalekale. Mukadzadutsa kwawo tsiku loti mawa ndi Khirisimasi, mudzamupeza pabwalo atatsamira ndodo, akusakasaka nyenyezi m'mitambo, zidzukulu zikudandaula njala. Patebulo pamakhala mipando iwiri yopanda anthu ndi mbale ziwiri. Mdzukulu wina wa ku Limbe, wofuna kuthandiza, anabweretsa supuni yatsopano yonyezimira kuti mbale iliyonse ikhale ndi yake. Elufe anathokoza, n'kukaiika m'kabati.

"Imodzi yomweyi ikwana," anatero. "Awiriwa anazolowera."